Kalata Yotseguka kwa a Nduna ya Zachilungamo: Dzina la Wotulukira Lisamasowe pa Patenti

Olemekezeka a Nduna ya Zachilungamo, a mkulu wa ofesi ya Registrar General, ndi aphungu onse a Nyumba ya Malamulo,

Ndikupereka moni waulemu kwa inu nonse, ndipo ndikupempha kuti musaone ngati mwano kuti kalata ino ndailemba poyera m'malo moisiya pa desiki ya alembi anu. Ndachita zimenezi mwadala, chifukwa nkhani imene ndabwera nayo ikukhudza anthu ambiri amene sangafike pakhomo la maofesi anu: amisiri owotcherera zitsulo ku Ndirande ndi ku Mchesi, ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, othandizira akatswiri m'malabu, ndiponso agogo athu akumudzi amene amadziwa mitengo ndi mizu. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito amene ndinatha zaka zambiri ndikuphunzitsa achinyamata za zitsulo ndi makina. Zamalamulo ndaziwerenga nditakula kale, nditakakamizidwa ndi zimene ndinaona ndi maso angawa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, n'chifukwa chake ndalimba mtima kuti ndilankhule.

Funso langa ndi ili: pamaso pa lamulo la mapatenti, kodi wotulukira chinthu chatsopano ndani, nanga ndani ali ndi udindo woonetsetsa kuti dzina lolembedwa pachiphaso ndi la munthu ameneyo?

Inu mukudziwa bwino tanthauzo la patenti, koma poti ena akumvera nawo, mundilole ndifotokoze pang'ono. Patenti ndi chiphaso chimene boma limapereka pa chipangizo kapena njira yatsopano yothetsera vuto, imene sinadziwikepo kwina kulikonse, imene katswiri wa ntchitoyo sakanangoiganizira mosavuta, ndiponso yotheka kuigwiritsa ntchito. Chiphasocho chimaletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo kwa zaka zowerengeka, zimene m'maiko ambiri ndiponso ku ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa loona za mapatenti, ndi 20. Pachiphaso chimenechi pamalembedwa anthu awiri amene sayenera kusokonezedwa: mwini wake ndi wotulukira. Umwini umagulitsidwa, umasinthanitsidwa, umasiyidwa ngati chuma cha masiye, monga momwe zimakhalira ndi ng'ombe kapena galimoto. Kutulukira sikugulitsidwa, chifukwa ndi nkhani ya zimene zinachitikadi m'mutu mwa munthu wina tsiku lina lake. Mwana akhoza kuleredwa ndi amalume ake, kulipiriridwa sukulu ndi mpingo, n'kukagwira ntchito kwa bwana wakutali, koma mayi amene anamubereka sasintha. Pangano la Paris loteteza mapatenti pakati pa maiko, limene dziko lino linalowa mu 1964, limanena momveka kuti wotulukira ali ndi ufulu wotchulidwa dzina pa patenti. Ufulu umenewu tinauvomera kalekale papepala, koma m'mashopu ndi m'malabu mwathu sunafike.

Chimene chinandidzutsa ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa, ndipo dzina lake sindilitchula. Atamaliza maphunziro analembedwa ntchito pa shopu ina yopanga makina otongolera mtedza. Makinawo anali ndi vuto limene mlimi aliyense wa mtedza amalidziwa: ukawachuna kuti atongole mtedza wa njere zikuluzikulu ngati Chalimbana, waung'ono umadutsa wosasweka makoko, ndipo ukawachuna kuti agwire waung'ono, waukulu umaphwanyika n'kutsika mtengo pamsika. Mwini shopu anali atazolowera kuuza ogula kuti makina ndi momwe amakhalira. Mnyamatayo sanagone nazo. Kwa miyezi ingapo ankatsalira madzulo anzake ataweruka, akuyesa izi ndi izo, mpaka anapeza njira yosunthira sefa ndi kachitsulo kamodzi kuti mpata wa pakati pa sefayo ndi gudumu uzisintha makina akuyenda, ndipo pa mano a gudumulo anamatapo zidutswa za tayala lakutha kuti njere zisamamenyedwe ndi chitsulo. Zonsezi ankazijambula m'kope la masamu, la mizere ya timabokosi, limene masamba ake anali atada ndi girizi. Ndinaligwira kopelo ndi manja anga. Tsamba lililonse linali ndi deti pamwamba, chizolowezi chimene ndinkawaumiriza m'kalasi iwo akunyinyirika.

Makina atayamba kuyenda malonda, bungwe lina lothandiza alimi linaikapo ndalama, ndipo anapita nawo kuchionetsero. Pansalu imene anapachika panalembedwa maina awiri, la mwini shopu ndi la woyang'anira pulojekiti wa bungwelo. Pamene ankadzaza mapepala opempha chitetezo cha lamulo, maina omwewo ndi amene analowa pamalo a wotulukira. Mnyamatayo atafunsa mwaulemu, anayankhidwa kuti zitsulo zinali za abwana, magetsi anali a abwana, ndipo iye amalandira malipiro pakutha pa mwezi. Anabwera kwathu Loweruka lina kopelo lili m'jumbo, n'kukhala pakhonde nthawi yaitali asanayambe kulankhula. Kenaka anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi zoterezi munthu amakadandaula kuti?" Ndinasowa chomuyankha, ndipo manyazi a tsiku limenelo ndi amene abala kalata ino.

Sindikunena kuti mwini shopu analakwa pa zonse. N'kutheka kuti pa nkhani ya umwini anali ndi mfundo, chifukwa m'maiko ambiri chimene wantchito watulukira pogwira ntchito imene analembedwera chimakhala cha womulemba ntchito. Koma kugula zitsulo si kutulukira, kusaina cheke si kutulukira, ndipo kukhala ndi dzina lalikulu pachitseko cha ofesi si kutulukira. Makhoti a m'maiko amene akhala akuweruza milandu yotere kwa zaka zambiri amagwirizana pa mfundo yakuti wotulukira ndi amene anabweretsa ganizo lenileni limene lapangitsa chinthucho kukhala chatsopano. Amene anangopereka ndalama, amene anangonena kuti "tapezani njira", ndi amene anangotsatira malangizo popanda kuwonjezapo nzeru zake, onsewa akhoza kuthokozedwa mwa njira zina, koma malo a wotulukira si awo.

Dandaulo langa loyamba ndi la lamulo lenilenilo. Kwa zaka zoposa 60 dziko lino lakhala likuyendera lamulo la mapatenti limene linalembedwa mu 1957, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene olemba ake sankaganizira n'komwe kuti mwana wa ku Kasungu ngati William Kamkwamba angadzapange magetsi a mphepo kuchokera ku zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa. Linalembedwa poganizira makampani akunja ofuna kuteteza katundu wawo kuno. Malamulo ena a gawo lomweli munawakonza: la umwini wa nyimbo ndi zolembalemba mu 2016, la zizindikiro za malonda mu 2018, ndipo mu 2019 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yoteteza ntchito zaluntha. Anzathu a ku Zambia, amene anatengera lamulo la chitaganya lomwelo, analemba lawo latsopano mu 2016. Pamene mukugwira ntchito yokonza gawo limeneli, nkhawa yanga ndi yakuti mukhoza kutanganidwa ndi kutalika kwa zaka za chitetezo, mitengo ya mafomu ndi kayendetsedwe ka maofesi, n'kuiwala munthu amene zonsezi zimayambira pa iye.

Dandaulo lachiwiri ndi la amisiri ndi othandizira, anthu amene kuno kwathu timawatcha "anyamata" ngakhale ali ndi imvi. Ku America kunachitika mlandu umene ndimafuna mwini shopu aliyense ataumva. Dokotala wina wa maopaleshoni, InBae Yoon, anagwira ntchito kwa miyezi 18 ndi mmisiri wa zamagetsi dzina lake Young Jae Choi pokonza chipangizo choboolera pamimba mosavulaza ziwalo zam'kati. Choi sanalipidwe, ndipo dokotalayo popempha patenti analemba dzina lake lokha. Patapita zaka, kampani ya Ethicon, imene inali ndi chilolezo chogwiritsa ntchito patentiyo, inasumira kampani ina kuti ikubera. Osumiridwawo anamufufuza Choi mpaka kumupeza, ndipo mu 1998 khoti la apilo linagamula kuti pa mfundo 55 za patentiyo, iye anathandiza kutulukira ziwiri. Ziwiri zokhazo zinakwanira kuti akhale wotulukira mnzake ndiponso mwini mnzake, ndipo popeza iye anali atapereka chilolezo kwa kampani yosumiridwayo, mlandu wonse wa Ethicon unagwa. Phunziro lake lili pawiri. Wotulukira mnzako sayenera kukhala ndi digiri yofanana ndi yako kapena kubweretsa theka la nzeru zonse. Komanso kufufuta dzina la munthu kumaika pachiswe chuma cha wofufutayo, chifukwa mlandu suola. Amalonda athu akanadziwa zimenezi, ambiri akanalemba maina oona, ngakhale osati chifukwa cha chifundo.

Dandaulo lachitatu, limene limandipweteka kwambiri monga mphunzitsi, ndi la ophunzira. Chaka chilichonse ophunzira a chaka chomaliza m'sukulu zathu zaukachenjede ndi zaumisiri amapanga zinthu zogometsa: zoumitsira nsomba ndi dzuwa, mapampu othirira, mbaula zosatha nkhuni, zipangizo za m'chipatala. Wophunzira amakhala m'manja mwa womuyang'anira, amene ndi yemweyo adzachonge ntchito yake ndi kumulembera kalata yomuchitira umboni pofuna ntchito. Munthu wotere sangatsutse akauzidwa kuti dzina la adokotala likhale patsogolo, kapena kuti lake lidzalowa "nthawi ina". Amene anakhalapo m'chipatala cha chifuwa chachikulu zaka zapitazo akukumbukira jakisoni wa streptomycin. Mankhwala amenewo anapezeka mu 1943 ndi wophunzira wa zaka 23, Albert Schatz, amene ankagwira ntchito usana ndi usiku m'chipinda chapansi pa yunivesite ya Rutgers moyang'aniridwa ndi Pulofesa Selman Waksman. Maina onse awiri analembedwa pa patenti, koma Schatz anasainitsidwa kuti asiye gawo lake pokhulupirira kuti palibe amene adzapindule payekha, n'kudzazindikira pambuyo pake kuti pulofesayo ankalandira ndalama. Anasuma mu 1950, ndipo pomaliza anavomerezedwa kuti ndi wotulukira mnzake n'kupatsidwa magawo 3 pa 100 alionse a ndalamazo. Komabe mphotho ya Nobel ya 1952 inapita kwa Waksman yekha, ndipo Schatz anavutika kupeza ntchito yabwino chifukwa ankaonedwa ngati mwana wamwano wosumira mphunzitsi wake. Ngati zinatero kwa munthu amene dzina lake linali kale pachiphaso, kuli bwanji mwana wa kwa Nsabwe kapena ku Chitipa amene dzina lake silinalembedwe paliponse?

Pano ndiyenera kunena chilungamo, kuti aphunzitsi ambiri amathandizadi, ndipo nthawi zina ganizo lalikulu limachokera kwa iwo, wophunzira n'kungoliyesa. Zikatero mphunzitsi ndiye wotulukira, ndipo palibe cholakwa. Chimene ndikukana ndi mwambo woti udindo wokha ndiwo uzilowetsa munthu pamndandanda, ngati momwe timalembera maina a akuluakulu pa pulogalamu ya ukwati.

Dandaulo lachinayi likukhudza mphotho, chifukwa dzina lopanda kanthu m'thumba silidyetsa ana. Lamulo la ku Britain la 1977 limati zimene wantchito watulukira pantchito yake ndi za kampani, koma likupatsanso wantchitoyo mwayi wopempha gawo ngati patentiyo yapindulitsa kampani mopambana. Pulofesa Ian Shanks anatulukira mu 1982 njira imene inadzagwiritsidwa ntchito m'tizipangizo toyezera shuga m'magazi, tija odwala matenda a shuga amadontheza magazi a pachala. Kampani ya Unilever inapeza mapaundi pafupifupi 24 miliyoni pa mapatenti ake. Shanks anayamba kudandaula mu 2006, anagonja m'makhoti angapo, mpaka mu October 2019 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linalamula kuti apatsidwe mapaundi 2 miliyoni. Zaka 13 za milandu munthu wa kuno sangazikwanitse, ndipo n'chifukwa chake gawo la wotulukira liyenera kulembedwa m'lamulo momveka kuti pasakhale kukokanakokana. Ku South Africa anachita zimenezi mu 2008 pa kafukufuku wolipiridwa ndi ndalama za boma: otulukira amalandira magawo osachepera 20 pa 100 alionse a miliyoni yoyamba ya marandi imene sukulu kapena bungwe lapeza, ndipo kuchokera pamenepo magawo osachepera 30 pa 100 alionse a phindu. Kumeneko komweko kuli nkhani ya Nkosana Makate, imene abale athu okhala ku Johannesburg amaidziwa bwino. Mu 2000, ali wantchito wamng'ono ku Vodacom, anapereka ganizo la uthenga waulere wopempha mnzako kuti akuimbire ukakhala ulibe mayunitsi. Mlandu wake sunali wa patenti koma wa lonjezo la pakamwa, ndipo zinatengera khoti la malamulo aakulu a dzikolo mu April 2016 kuti kampaniyo ikakamizidwe kukambirana naye za malipiro. Ndautchula chifukwa ukuonetsa zimene zimachitika wantchito akapereka nzeru zake popanda pepala lomuteteza.

Dandaulo lachisanu ndi la nzeru za makolo, ndipo pano ndiyamba ndi kuyamikira. Pa 24 May 2024 maiko a m'bungwe la WIPO, loona za chitetezo cha ntchito zaluntha padziko lonse, anagwirizana ku Geneva pangano latsopano lokhudza mapatenti, zachilengedwe ndi nzeru za makolo, ndipo mu December chaka chomwecho Malawi anakhala dziko loyamba padziko lonse kulivomereza. Zimenezi zinatipatsa ulemu. Panganoli likuti wopempha patenti pa chinthu chochokera ku chomera kapena chamoyo china aulule dziko limene anachitenga, ndipo ngati anatsamira pa nzeru za makolo, atchule anthu amene anamupatsa nzeruzo. Dziko lino lilinso m'pangano la Swakopmund la 2010, limene maiko a ARIPO anakonza pofuna kuteteza nzeru zomwezi. Koma pangano la ku Geneva silidzifikira lokha kwa sing'anga wa ku Nsanje kapena mlimi wa ku Mzimba, limafuna lamulo lathu ndi anthu olitsata.

Nkhani yake ndi yovutirapo, ndipo sindikufuna kunamiza owerenga. Mudzi sungalembedwe ngati wotulukira wa mankhwala amene wakhala ukugwiritsa ntchito kuyambira kalekale, chifukwa patenti imafuna chinthu chatsopano. Chimene lamulo lingachite ndi kukana kuti wina adzitche wotulukira wa zimene anachita kuuzidwa. Mtengo wa nimu, umene uli mbwee ku Chikwawa ndi ku Nsanje, unafika mpaka ku ofesi ya mapatenti ya ku Ulaya, imene mu 1994 inapereka patenti pa mankhwala ophera chuku opangidwa kuchokera ku mafuta a nimu. Anthu a ku India ndi owathandiza anabweretsa umboni woti alimi kwawo ankachita zimenezi kale, ndipo patentiyo inafafanizidwa mu 2000, apilo n'kukanidwa mu 2005. Anapambana chifukwa anali ndi umboni, ndipo kuyambira mu 2001 dziko la India lakhala likusunga nzeru za mankhwala a makolo m'kaundula amene oyesa mapatenti a maiko ena amaonamo asanapereke chiphaso. Anthu a mtundu wa San a m'chipululu cha Kalahari ankatafuna chomera cha hoodia kuti asamve njala pa ulenje, ndipo bungwe la kafukufuku la boma la South Africa, CSIR, linatenga patenti pa mankhwala ochokera m'chomeracho eni nzeru asakudziwa. Mgwirizano wogawana phindu unadzabwera mu 2003, atadandaula. Kuno kwathu alimi amateteza mbewu ndi masamba a ombwe ndi nimu, ndipo mbozi zitavuta m'minda ya chimanga ena anayamba kuthira msuzi wa usipa kuti uitane nyerere zodya mbozizo. Wofufuza akabwera n'kope lake, n'kukhala pamkeka, n'kufunsa agogo mafunso tsiku lonse, kenaka n'kukayenga zimene wamvazo mu labu, akhoza kukhaladi wotulukira wa njira yatsopano yoyengera, koma sangakhale wotulukira wa chinsinsi chimene anachipeza pamkekapo.

Chomaliza pa madandaulo anga ndi chimene chikubwera, poti chakudza sichiimba ng'oma. Katswiri wina wa ku America, Stephen Thaler, anapempha mapatenti m'maiko ambiri pa chotengera chakudya ndi nyali yochenjeza pangozi, n'kulemba kuti wotulukira ndi makina ake a AI (nzeru za kompyuta zotsanzira kuganiza kwa munthu) otchedwa DABUS. Mu July 2021 South Africa inapereka patentiyo, koma tisaiwale kuti ofesi ya kumeneko inkangoona ngati mafomu adzazidwa bwino osafufuza mozama. Ku Australia woweruza mmodzi anavomera, koma oweruza a apilo anatembenuza chigamulocho mu April 2022. Khoti la apilo la ku America linakana mu August 2022, ndipo khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linakana pa 20 December 2023, onse akunena kuti wotulukira ayenera kukhala munthu. Khoti la ku Germany mu June 2024 linanena zomwezo, n'kuwonjeza kuti kugwiritsa ntchito AI sikuletsa munthu amene anatsogolera ntchitoyo kulembedwa ngati wotulukira. Ine ndikuona kuti njira imeneyi ndiyo yanzeru. Makina sadya nsima, salipirira mwana sukulu, ndipo sangaime m'khoti kulumbira. Mantha anga ndi akuti tikasiya mpata, bwana amene lero akufufuta dzina la mmisiri ponena kuti zitsulo ndi zake, mawa adzalifufuta ponena kuti inaganiza ndi kompyuta yake.

Pachifukwa chimenechi, ndikugwira mwendo wanu, olemekezeka, kuti muchite izi:

1. Lamulo linene m'mawu osavuta kuti wotulukira ndi munthu, kapena anthu, amene anabweretsa ganizo latsopano limene patenti ikuteteza, ndipo linenenso poyera kuti kupereka ndalama, malo, zipangizo kapena kuyang'anira ntchito pakokha sikupangitsa munthu kukhala wotulukira.

2. Ufulu wotchulidwa dzina ukhale wosagulitsika. Pangano lililonse la ntchito kapena la sukulu limene likukakamiza munthu kusiya dzina lake likhale lopanda mphamvu, pokhapokha mwini dzinayo atalembera yekha ofesi yanu kuti sakufuna kutchulidwa.

3. Wopempha patenti amene si wotulukira alumbire kuti maina amene walemba ndi oona ndi okwanira, afotokoze momwe umwini unafikira kwa iye, ndipo ofesi yanu itumize uthenga kwa aliyense wotchulidwa. Wonama mwadala alandire chilango, ndipo patenti yopezeka mwachinyengo ithe kulandidwa n'kupatsidwa woyenera.

4. Pakhale njira yotsika mtengo yokonzera maina, imene munthu angayambe popanda loya, ndipo iweruzidwe m'miyezi yowerengeka osati zaka. Makope a zojambula okhala ndi madeti, zithunzi za pafoni, mauthenga a pa WhatsApp ndi umboni wa anzake a pantchito zilandiridwe, chifukwa umenewo ndiwo umboni umene mmisiri wa pamsika ali nawo. Njirayi ifikenso ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Zomba, kuti wodandaula asagulitse mbuzi pofuna thiransipoti yokha.

5. Gawo la wotulukira pa phindu lilembedwe m'manambala, makamaka pa kafukufuku wolipiridwa ndi misonkho yathu, ndipo wantchito wa kampani akhale ndi ufulu wopempha malipiro oyenera pamene zimene watulukira zabweretsa phindu lalikulu.

6. Mogwirizana ndi unduna woona za maphunziro, bungwe la sayansi ndi luso la NCST ndi la maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA, sukulu iliyonse yaukachenjede ndi yaumisiri ikhale ndi ndondomeko yolembedwa yonena za maina ndi magawo a ophunzira, imene wophunzira aziwerenga asanayambe pulojekiti yake, ndipo madandaulo aziweruzidwa ndi anthu ena osati womuyang'anira yemweyo.

7. Zimene tinavomera ku Geneva zilowe m'lamulo lathu ndi m'mafomu athu, ndipo payambike kaundula wa nzeru za makolo wolembedwa ndi chilolezo cha eni ake, mafumu ndi asing'anga akudziwa, wosungidwa mosamala kuti asasanduke msika wa akuba.

8. Lamulo linene kuti makina sangakhale wotulukira.

9. Zonsezi zimasuliridwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, zimveke pa wailesi, ndipo amisiri auzidwe za chiphaso chaching'ono chimene ARIPO imapereka kwa zaka 10 pa zipangizo zokonzedwa mwatsopano, chomwe n'choyenera ntchito zambiri za m'mashopu mwathu. Auzidwenso kuti kuonetsa chinthu pachionetsero kapena pa Facebook asanapereke pempho kukhoza kuwatayitsa mwayi wa chitetezo, chifukwa ambiri amathamangira kujambulitsa asanadziwe zimenezi.

Ndikudziwa kuti ena adzati dziko losauka ngati lathu lili ndi mavuto aakulu kuposa dzina la pachiphaso, ndipo mapempho a mapatenti ochokera kwa Amalawi ndi ochepa. Ine ndikuti kuchepako n'kumene kukuyenera kutidetsa nkhawa. Masomphenya a Malawi 2063 akunena za dziko la mafakitale lodzidalira, koma mafakitale amayamba ndi munthu amene watsalira madzulo pa shopu chifukwa chakuti njere za mtedza zikuphwanyika. Munthu wotere akaona kuti thukuta lake lavekedwa dzina la wina, ulendo wotsatira amasunga nzeru zake m'mutu, kapena amakwera basi ya ku Joni. Mnyamata uja anasiya ntchito pa shopu ija, ndipo masiku ano amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Amapeza ya ndiwo, koma makina sakupanganso.

Kope lija adakalisunga, ndipo ndinamuuza kuti asalitaye ngakhale litadyedwa ndi chiswe m'mbali. Funso limene anandifunsa pakhonde paja ndalipereka kwa inu monga momwe analifunsira, ndipo ndikupempha kuti yankho lanu lidzabwere poyera, ngati momwe kalata ino yabwerera, kuti ndidzathe kumuuza chitseko choti akagogode ndi pepala loti akanyamule.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma wa zaumisiri,
Lilongwe.